Kodi Munthu Wotchuka Angatseke Chitseko Chake?

Mu 1951 J. D. Salinger, mlembi wa ku America, adatulutsa buku lotchedwa The Catcher in the Rye, ndipo dzina lake lidamveka m'maiko ambiri. Koma mu 1953 adasamukira kumudzi wa Cornish, m'chigawo cha New Hampshire, nakhala komweko mwakachetechete kufikira imfa yake mu 2010. Atolankhani ankamubisalira ndi makamera, ndipo alendo ankachokera kutali kudzafunafuna nyumba yake.

Ambiri mwa iwo ankati akutero chifukwa chomukonda. Kodi chikondi chimapatsa munthu chilolezo chotere? Mlembi akatulutsa buku, watipatsa bukulo. Tikhoza kuliwerenga, kuliyamikira, ngakhale kulitsutsa. Komatu sanatipatse chipinda chake, matenda ake kapena misozi ya banja lake. Wogula chimanga pamsika sakhala mwini munda.

Taonani zimene ena adachita. Anansi a Salinger ku Cornish ankakana kulozera alendo njira ya kwake. Mu 1999 makalata 14 amene iye adalembera mayi wina zaka zambiri m'mbuyomo adagulitsidwa poyera ku Sotheby's, ku New York. Peter Norton, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, adawagula ndi madola oposa 150,000, nanena kuti cholinga chake chinali kuwabwezera kwa amene adawalemba.

Werengani Genesis 9:20-23. Hamu adaona manyazi a atate wake nakaulula kunja. Semu ndi Yafeti adayenda chafutambuyo nawafunda. Nowa adalakwadi, koma kulakwa kwake sikudachotse ulemu womuyenera.

Izi sizitanthauza kuti munthu wotchuka akapweteka mnzake, wopwetekedwayo akhale chete. Kulemekeza chinsinsi n'kosiyana ndi kubisa choipa. Chotero tisanafufuze za moyo wa wina, tiyambe tadzifunsa: Kodi ndikadziwa zimenezi, adzathandizika ndani? Ngati palibe, ndiye kuti chotikoka si chilungamo ayi, koma chilakolako cha makutu athu. Munthu amene dzina lake lili pakamwa pa aliyense ndi mnansi wathube, ndipo amatopa ndi kuchita manyazi monga ife tomwe.

Zokambirana m'kalasi: Kodi ndi nkhani ziti za moyo wanu zimene simungafune kuti ziwerengedwe pagulu? Nanga mukalandira pafoni chithunzi cha munthu wotchuka chojambulidwa mobisa, mudzachita monga Hamu, kapena monga abale ake?