Malonda ndi m'Maso Kodi?

Ku America kuli msika wina wodabwitsa, kumene anthu akulu-akulu, ena a imvi zao, amalimbirana makina akale a masewera a ana. Makinawa ndi mabokosi atali ngati munthu, okhala ndi galasi kutsogolo, mabatani, ndi kabowo koponyamo ndarama yacitsulo. Oyamba kuchuka anali Pong, a kampani ya Atari, m'caka ca 1972; pambuyo pace kunadza Space Invaders a ku Japan mu 1978, ndi Pac-Man mu 1980. Pamene masewera otere analowa m'nyumba za anthu ndi m'matelefoni, eni masitolo anayamba kucotsa mabokosi aja, ndipo ambiri anathera pa okushoni. M'mawa wa tsiku la malonda ogula amafika ndi nthambo zao za magetsi kudzayesa bokosi limodzi-limodzi. Dzuwa likakwera woitanira mitengo ayamba kupfuula, ndipo nyundo ikagunda malonda atha. Lamulo la pamenepo ndi lakuti cinthu cigulidwa monga ciri: cikafa mawa, wogula alibe kodandaula.

Nkhaniyi imveka ngati ya kutali, komatu funso limene liri m'kati mwace ndi la kuno ku Cigwa ca Shire. Pa misika ya kuno zambiri za magetsi ndi zogwirapo kale nchito: ma TV a m'nyumba zoonetsera kanema, makina a masewera amene anyamata amalipira kuti asewere, mabatire a sola, majenereta. Ndipo Makhanga ali ndi bvuto lace-lace. M'mwezi wa January 2015 mtsinje wa Ruo unasefukira nudzipangira njira yatsopano, kotero kuti Makhanga anasanduka ngati cisumbu cofikako pa bwato. Madzi anabweranso mu 2019, anabweranso ndi namondwe Ana mu 2022, ndi namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023. Katundu wambiri wa m'dera la Mfumu Mlolo anagonapo m'matope.

Tsono madzi akalowa m'makina otere sapha tsiku lomwelo. Munthu akawatsuka ndi kuwayanika pa dzuwa la ku Nsanje, kawiri-kawiri amayaka ndi kusewera bwino lomwe. Koma matope otsala m'kati amasunga cinyezi, dzimbiri lidya timawaya pang'ono-pang'ono, ndipo pakapita masabata kapena miyezi galasi lingoti zii. Coopsa coposa ndi cakuti magalasi akale aja a msana waukulu amagwira nchito ndi mphamvu ya magetsi yokwana mavoti zikwi-zikwi, ndipo amene amagwira mabokosiwo tsiku lonse ndi ana. Kunja kuoneka bwino. Ndi cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wowerenga ayerekeze munthu wa pa Makhanga amene anali ndi bokosi lotere pa khonde la kagolosale kace. Madzi anamlanda nyumba, mbuzi ndi cimanga. Catsala ndi bokosilo. Afuna ndarama zoti asamukire ku mtunda, monga Boma linapempha anthu a kumeneko. Aliolotsa, alitengera ku Bangula kapena ku Nchalo, aliika pakati pa anthu kuti wochula mtengo woposa anzace alitenge. Kodi ayenera kunena kuti linamira?

Zifukwa zokhalira cete ziripo, ndipo si zopusa. Akulu anati malonda ndi m'maso: wogula ali ndi maso ace, ayang'ane. Kunama sananame, pakuti palibe anamfunsa. Mtengo sanauike ndi iye. Anauika ndi ogula okha pokwezerana. Ndipo koposa zonse ali m'mabvuto, ana ace agona m'tenti.

Funso limeneli ndi lakale kwambiri. Cicero wa ku Roma, polemba m'caka ca 44 Kristu asanabadwe, anasimba za wamalonda amene anacoka ku Alexandria ndi tirigu kunka ku cisumbu ca Rhodes nthawi ya njala. Iye yekha ankadziwa kuti ngalawa zina zambiri ziri m'njira, ndipo kuti zikafika mtengo udzagwa. Cicero anaweruza kuti munthuyo ayenera kuulula. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anabwerera ku nkhani yomweyi, koma iye anaiona mwina: anati cilungamo sicimkakamiza wa tirigu uja kunena za ngalawa, ngakhale kuti kunena kukadakhala ukoma woposa, pakuti tirigu wace analibe cirema, ndipo mtengo unali wa tsikulo. Apa paoneka kuti mphunzitsi ameneyu sanali mdani wa malonda kapena wa phindu.

Koma pa za cirema ca cinthu cimene cigulitsidwa sanafewetse mau. Anasiyanitsa cirema cooneka ndi cobisika. Kavalo wa diso limodzi ali yense amuona. Mwini sayenera kucita kulalika, malinga atsitse mtengo moyenera. Koma cirema cikakhala cobisika, ndipo cikhoza kutayitsa wogula cuma kapena kumuika pa ngozi, monga nyumba yofuna kugwa kapena cakudya cobvunda, wogulitsa akakhala cete malondawo ndi acinyengo, ndipo ayenera kubweza. Mwambi uja wa maso, tsono, uli ndi malire ace. Ugwira nchito pa mbuzi yotsimphina, pa nsomba ya pa mphasa, pa malaya a pa kaunjika amene munthu angawatambasule ndi kuona pong'ambika. Maso salowa m'bokosi lotseka ndi misomali.

Pali mau ena a Thomas Woyera amene wogulitsa wocenjera angafune kubisalamo. Iye anati si kofunika kuti wolengeza malonda azipfuula cirema pa khamu, cifukwa anthu angathawe asanamve ubwino wa cinthuco. Cofunika ndi kumuuza payekha munthu amene wafika kuti agule. Pa malonda a anthu awiri izi zitheka. Nanga pa okushoni munthu ameneyo ndani? Wogula sadziwika kufikira nyundo itagunda, ndipo itagunda nthawi yatha. Cifukwa cace pa malonda okwezerana palibe mpata wina wonenera coonadi koma mitengo isanayambe kuchulidwa, pamaso pa onse. Ndipo cifukwa cija cakuti mtengo anauika ndi ogula cigwa pomwepo: ogulawo anaika mtengo wa bokosi louma, pamene mwini ankadziwa kuti agulitsa lomira. Lamulo lakuti cinthu cigulidwa monga ciri likhoza kumpulumutsa munthu ku bwalo la milandu, koma lamulo lacisanu ndi ciwiri la Mulungu silifunsa za mapepala a okushoni. Lifunsa ngati munthu watenga za mnzace popanda mnzaceyo kubvomera modziwa.

Anthu a maphunziro a cuma anafika pa mfundo yofanana podzera njira yina. M'caka ca 1970 George Akerlof wa ku America anasonyeza za magalimoto akale kuti pamene ogula sangathe kusiyanitsa yabwino ndi yoipa, amachula mtengo wocepa pa onse. Eni abwino aleka kubwera nao, ndipo msika udzala ndi zoipa zokha-zokha. Analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Kwa anthu a kuno tanthauzo lace ndi loonekeratu. Anthu khumi akagulitsa zomira mwakacetecete, mbiri imveka kuti ca ku Makhanga usagule, ndipo mai wamasiye amene anapulumutsa batire lace polisenza pamutu usiku wa madzi alephera kupeza mtengo woyenera, ngakhale liri langwiro.

Asaganize ogula kuti chimo liri mbali imodzi yokha. Pakamveka kuti anthu a m'misasa agulitsa katundu, amalonda ena amafika atapangana kale kuti asakwezerane, mmodzi agule mochipa, agawane pambuyo. Kumeneko ndi kuba ndithu, ndipo ndi kubera munthu amene madzi anambera kale. Comweconso wogulitsa amene aimika mlamu wace m'khamu kuti azichula mitengo yabodza, wosafuna kugula konse, anama ndi pakamwa pa mnzace. Thomas Woyera anachulanso wogula wodziwa kuti cinthu ndi golide pamene mwini ayesa ndi mkuwa: nayenso ayenera kubweza.

Catsala ndi cifukwa colemera cija, umphawi. Palibe munthu wa mtima amene angamuweruze mwaukali bambo wopanda denga, ndipo ndi zoona kuti mantha ndi njala zicepetsa kulemera kwa chimo. Koma kodi amene agula bokosilo ndani? Si mwini masitolo wa ku Blantyre. Iye agula zatsopano. Kawiri-kawiri ndi mnyamata amene anagulitsa thonje kapena anakongola ku banki ya m'mudzi kuti ayambe kageni. Bokosi likafa ngongole itsala, ndipo tsoka la pa Makhanga langosamukira m'nyumba yina yosauka.

Kunena zoona sikutanthauza kutaya katundu. Mwini akhoza kunena kuti linamira usiku umodzi, linatsukidwa, lakhala likusewera mwezi wathunthu. Amisiri okonza mawailesi amagula zotere, ena cifukwa ca zipangizo zace, ndipo adziwa mtengo wace. Ndarama zidzacepa, inde, mwina ndi theka. Aphunzitsi a Eklezia adzakumananso ndi ena amene anagulitsa osadziwa kuti madzi anaononga m'kati. Amenewa sanacimwe, koma akamva kuti cinthu cija cinafa cifukwa ca madziwo, ayenera kukapangana ndi wogula za cimene angabweze. Ndipo wopanda ndarama lero sakakamizidwa kugulitsa mphika wa ana ace: apite kwa wogulayo, akhale pansi pamaso pa akulu a mphakati, abvomere, nalonjeze kubweza pang'ono-pang'ono akakolola cimanga ca m'dimba.