Kodi Mwana Uja Ndinamulakwira?

Kodi mphunzitsi achite chiyani pamene mwana wanena zoona, koma njira imene wadzera kuti afike pa zoonazo ndi yokhota? Funso limeneli linandigoneka mochedwa tsiku lina kunyumba kwanga ku Avondale, ndikuchonga mapepala a ana a Giredi 11.

Ndinali nditawapatsa funso loyesa kaganizidwe. Linali lotere: "Mu 2024 ku Zambia kunagwa chilala choopsa. Choncho dziko lapansi likutentha chifukwa cha mpweya wochokera ku zochita za anthu. Ndi mfundo iti imene ikuchirikiza bwino ganizo lomalizali?" Mayankho anali atatu. A: madzi a ku Kariba anatsika mpaka malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse. B: mwezi wa June ku Lusaka kumazizirabe. C: kwa zaka zambiri mpweya wa kufupi ndi nthaka wakhala ukutentha, pamene wa kumwamba kwambiri ukuzizira.

Ana ambiri anasankha A. Mtsikana wina anawonjezera mawu kunsi kwa pepala: "Aphunzitsi, ambuya anga ku Petauke sanakolole ngakhale thumba limodzi. Mukufunanso umboni wanji?" Ndinaika bolopeni pansi.

Tiyeni tiliyendere limodzi funsoli. Yankho B n'losavuta kulitaya. Lusaka ali pamtunda, ndipo kuzizira kwa June sikutiuza kanthu za dziko lonse. Yankho A ndilo lili ndi msampha, chifukwa ndi loona ndipo tonse linatiwawa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinauma. Komabe kutsika kwa madzi a ku Kariba kukungobwereza zimene funso lanena kale, kuti kunali chilala. Sikutiuza chimene chinabweretsa chilalacho. Mu 1992 kunagwanso chilala chachikulu, ndipo zaka ziwiri zonsezi zinali za El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo n'kuchepetsa mvula kuno kummwera kwa Africa. Asayansi a gulu la World Weather Attribution atafufuza chilala cha 2024, anapeza kuti El Niño ndiye anachititsa kwambiri.

Yankho lolondola ndi C, ngakhale kuti ndi louma ndipo palibe amene analira nalo. Dzuwa likanakhala kuti ndilo lawonjezera ukali, mpweya wonse ukanatentha, wapansi ndi wakumwamba womwe. Koma mpweya wa carbon dioxide uli ngati bulangete: umasunga kutentha kunsi, kumwamba n'kumazizira. Syukuro Manabe ndi mnzake Richard Wetherald ananeneratu zimenezi mu 1967, ndipo masetilaiti akhala akuziona kuyambira mu 1979. Apa ndiye pali phazi la mwini mlandu.

Tsono mtsikana uja sananame. Dziko likutenthadi, ndipo 2024 chinali chaka chotentha kuposa zaka zonse zimene zinayezedwa chisanafike. Nanga kumulemba kuti walakwa si nkhanza? Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza mosabisa kuti, "Inu, anthu anagona ndi njala, ndiye mukulimbana ndi A ndi C? Ngati mwana wakhulupirira zoyenera, musiyeni." Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake. Sife amene tinadzaza mlengalenga ndi utsi, koma ndife oyamba kupsa. Mwana amene wakwiya nazo ali ndi chifukwa chokwiyira.

Koma taonani zimene zinachitika chaka chotsatira. Mvula inagwa bwino, ndipo chimanga chimene dziko linakolola chinachoka pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni mu 2024 kufika pa matani oposa 3.5 miliyoni mu 2025. Ngati chaka chimodzi cha njala chikwanira kutsimikiza kuti dziko likutentha, ndiye kuti chaka chimodzi cha nkhokwe zodzaza chikwaniranso kutsutsa. Munthu wa m'minibasi amene amati, "Kutentha kwake kuti, taonani mmene kwazizirira lero," akuganiza chimodzimodzi ndi mwana wanga uja. Angosiyana pofikira. Ndikalola kaganizidwe kameneka chifukwa lero kandikomera, mawa sindidzakhala ndi pakamwa pokatsutsira. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, nacho chaka chimodzi sichiweruza nyengo.

Palinso china chimene chimandiopsa. Tikangoti vuto lililonse ndi kusintha kwa nyengo, timadzichotsa pa mlandu. Sitifunsanso chifukwa chake magetsi athu ambiri amadalira madzi, kapena chifukwa chake timangodzala chimanga ngakhale m'madera amene mapira ndi chinangwa zingapirire. Malaiti atazima, ine ndemwe ndinkagula malasha sabata ndi sabata, ndikudziwa bwino kuti thumba lililonse ndi mtengo wogwa. Kuganiza molongosoka kumatithandiza kulekanitsa zimene mayiko olemera ayenera kuyankhapo ndi zimene zili m'manja mwathu.

Choncho ndinalemba kuti walakwa. Koma pambali ndinawonjezera kuti, "Zimene ambuya ako anaona ndi zoona. Ubwere tikambirane." M'mawa mwake anabwera nkhope ili gwaa. Ndinamufunsa kuti, "Ambuya ako akakolola matumba 30 chaka chino, udzati dziko lasiya kutentha?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Iyayi, aphunzitsi." "Chifukwa chiyani?" Anayang'ana pepala lake, chala chili pa C.

Sindikudziwa ngati anandikhululukira. Malikisi ake sanasinthe, ndipo njala ya ku Petauke sindinaichotse. Chimene ndikudziwa n'chakuti kumusiya ndi A kukanakhala kumuyesa mwana wofunika kungotonthozedwa. Ine ndinamuona ngati munthu amene tsiku lina adzaimirira pamaso pa anthu okana zoona, ndipo tsiku limenelo misozi yokha sidzamukwanira.