Mankhwala Akakanika, Wolakwa Ndani?

Mbeu ikapanda kumera, mlimi wanzeru amafunsa. Kodi mbeu inali yofumbwa? Kodi ndinabzala mocedwa? Mlimi wina amangotukwana nthaka.

Dotolo nayenso amakumana ndi funso lotere. Wodwala akapanda kucira, wolakwa ndani? Funsoli limakula ngati wodwalayo ndi mmphawi, wosadziwa kuwerenga, wa mtundu wonyozedwa. Pamenepo nkwapafupi kunena kuti, "Anthu awa ndi osamva."

Tiyeni timve za dotolo wina dzina lake Frantz Fanon. Anabadwa m'caka ca 1925 pa cilumba ca Martinique. Anali munthu wakuda. Anaphunzira udotolo ku France, nasankha nchito yociza matenda a maganizo. M'caka ca 1953 anakayamba nchito pa cipatala cacikulu ca odwala misala ku Blida, m'dziko la Algeria. Nthawi imeneyo dzikolo linali m'manja mwa atsamunda a ku France.

Madotolo ena akuluakulu a kumeneko anali ndi ciphunzitso cao. Ankati eni dziko ali ndi nzeru zosakhwima, ndipo ciwawa ndi cibadwa cao. Dotolo wokhulupirira zotere sataya nthawi kufunsa wodwala. Amangomtsekera.

Fanon anapatsidwa magulu awiri: akazi acizungu 165 ndi amuna acisilamu 220. Iye anali ataphunzira kuti wodwala maganizo sacira ndi mankhwala okha. Amafunikanso anzake, nchito ndi maceza. Conco anayambitsa misonkhano, nyimbo, kanema, nchito zamanja ndi kanyuzi ka pacipatala. Kwa akazi acizungu zinayenda bwino msanga. Kwa amuna aja zinakanika. Pamsonkhano ankangoti duu. Madengu sanafune kuluka. Miyezi inapita, osaona kusintha.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Fanon akadatha kunena kuti, "Akuluakulu aja ananena zoona." Palibe amene akadamdzudzula. Koma iye ndi dotolo mnzake, Jacques Azoulay, anayang'ana ku nchito yao. M'caka ca 1954 analemba poyera kuti colakwa cinali cao.

Anapeza ciani? Nyuzi anaikonzera anthu amene ambiri a iwo sankadziwa kuwerenga. Nyimbo zinali zacilendo. Kanema ankaonetsa moyo wa kutali. Kuluka madengu amunawo ankakuona ngati nchito ya akazi. Ndipo dotolo sankamva Ciarabu, ankalankhula kudzera mwa womasulira. Acikulire athu amamdziwa bwino womasulira wa masiku a atsamunda. Ankaima pambali pa mzungu pa tsiku la mlandu ndi la msonkho. Ndani angaulule za kumtima pamaso pa munthu wotere?

Fanon anayambanso. Anafufuza mmene amuna a ku Algeria amakhalira kwao. Anatsegula m'cipatala momwemo kanyumba komwera khofi, konga kamene amunawo ankacezamo kumudzi. Anaitana munthu wodziwa kukamba nthano. Masiku a cikondwerero a Cisilamu anayamba kusungidwa. Odwala analambula bwalo la mpira. Anthu aja amene ankati ndi osamva anayamba kuceza.

Tifunse: ncifukwa ciani iye sanacite monga anzake? Ankadziwa kuwawa kwa cinyozo. Anamenyera France nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, koma anapeza kuti khungu lake likunyozedwabe. Zimenezi zinamupatsa mtima wofuna kuthandiza onyozeka. Koma taonani, mtima wokhawo sunakwane. Anali wakuda, inde, koma anali mlendo wocokera kutsidya la nyanja, wolankhula Cifalansa, wolembedwa nchito ndi boma la atsamunda. Kuzunzika kwake sikunamphunzitse za moyo wa mlimi wa ku Algeria. Anayenera kufunsa, ngati mwana wa sukulu.

Wina anganene kuti, "Nchito ya dotolo ndi mankhwala. Khofi ndi nthano zaciza ndani?" Mau amenewa tisawataye. Alipo matenda a maganizo ofuna mankhwala, ndipo Fanon sanaleke kupereka mankhwala. Khofi sanali mankhwala. Koma pomwera khofi paja wodwala ankakhala mwamuna pakati pa amuna anzake, ndipo dotolo ankatha kumva cimene cikumbvuta. Ife tomwe timadziwa kuti pamene sationa ngati anthu timangoyankha kuti "inde", kaya tamva kaya sitinamve.

Panatsala funso lina lobvuta koposa. Nkhondo ya ufulu wa Algeria inayamba mu Novembala 1954. Kwa Fanon kunkafika anthu amene anazunzidwa ndi apolisi. Kunkafikanso apolisi ozunzawo, atasowa tulo. Onse anawalandira. Koma anadzifunsa: ndikamciza munthu, ndikumbwezera kuti? Kodi si ku moyo womwe uja umene unamdwalitsa?

M'caka ca 1956 analemba kalata yosiya nchito. Mu Januwale 1957 atsamunda anamthamangitsa m'dzikomo. Ena angati anasiya odwala ake pa nthawi yoipa, ndipo mlanduwu si wopepuka. Iye anaona kuti sangapitirize kudya malipiro a boma limene linali kupenga anthu. Anapita ku Tunis, nagwirizana ndi omenyera ufulu, koma udotolo sanausiye. Kumeneko anatsegula cipatala ca masana cokha. Wodwala ankabwera m'mawa, madzulo nkubwerera kwao kukadya ndi ana ake.