Mwana wa eni musamunyamule mothamanga

Ana anga amene munakhazikika ku Manchester, ku Leeds, ku Johannesburg ndi kwina konse, ndamva kuti ena mwa inu mukufuna kubwera kuno kudzatenga mwana kuti akakhale wanuwanu mwalamulo. Ena ndi chifukwa choti mphatso sinabwere m'banja, ena chisoni chinakugwirani mutaona ana amasiye. Zonsezo ndi zabwino. Chondidetsa nkhawa ndi funso limene mumayambira: kodi zimatenga masabata angati kuti tinyamuke naye? Mwayamba kuwerenga masiku obwerera musanamuone n'komwe mwanayo. Ndimvereni kaye.

Dziko lino linamvapo kale nkhani yotere, ndipo inavuta. Mu Okutobala 2006 woimba wa ku America, Madonna, anabwera n'kutenga David Banda kumalo osungirako ana a Home of Hope ku Mchinji. Mwanayo anali ndi chaka chimodzi ndi mwezi umodzi, mayi ake anali atamwalira iye atangobadwa, koma bambo ake analipo. Khoti linapereka chilolezo chongoyembekezera cha miyezi 18, mwana ananyamuka pasanathe masiku ambiri, ndipo nkhaniyo inatsirizika mu 2008. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anadandaula kuti zinthu zathamanga. Atolankhani analemba kuti bambo aja anati sanamvetse kuti mwana akupita kosatha, ngakhale pambuyo pake anadzanena kuti alibe vuto nazo. Mu Epulo 2009, Madonna atafuna kutenga mwana wina, Mercy James, woweruza Esme Chombo anakana chifukwa mayiyo sanali wokhala m'dziko muno monga lamulo linkafunira. Khoti la Supreme linatembenuza chigamulocho mu Juni chaka chomwecho. Sindikuweruza Madonna ayi, ndipo chipatala cha ana chimene anamanga pa Queen Elizabeth ku Blantyre chikuthandiza ambiri. Ndikungofuna muone kuti mkangano wonse uja unagona pa nthawi: wotenga mwana wakhala nafe nthawi yaitali bwanji, ndipo eni mwana amvetsa?

Choncho miyezi imene mudzakhale kuno mukudikira akhoti ndi a zosamalira anthu musaitenge ngati chilango. Ndikudziwa kuti ndi yowawa. Tchuthi cha kuntchito chidzatha, lendi ya uko idzakhala ikudikira, mwina mmodzi adzabwerera n'kusiya mnzake ali yekha ndi khanda m'nyumba yobwereka, magetsi azima, tsiku la mlandu lasunthidwanso. Konzekerani zimenezo musananyamuke, sungani ndalama zopitirira zomwe mukuganiza, ndipo mugwirizane awirinu kuti adzatsala ndani. Koma miyezi imeneyo ndiyo chuma chokhacho chimene mudzampatse mwana chokhudza kwawo, ndipo ikapita simudzaipezanso.

Pitani kumudzi kumene anachokera. Musatume loya, musatume dalaivala. Kakhaleni pamphasa, vulani magalasi akudawo, lonjerani aliyense mpaka agogo amene akhala kumbuyo osayankhula. Ambiri mwa ana amene ali m'malo osungirako ana ali ndi abale. Ena anawasiya kumeneko chifukwa mayi anamwalira mwana akuyamwa ndipo mkaka wam'chitini sakanaukwanitsa. Anthu oterewa m'maganizo mwawo amati mwana akakula, akaphunzira, adzabwerera. Inu auzeni poyera, m'chinenero chawo, mfumu ilipo, kuti khoti likagamula mphamvu zonse za ubereki zimachoka kwa iwo n'kubwera kwa inu, kuti dzina likhoza kusintha, kuti papita zaka asanamuonenso. Nenani kawiri, masiku osiyana. Akakana mutawafotokozera, musakwiye. Ndi bwino akane lero kusiyana n'kuti adzalire mwana ali kutsidya kwa nyanja.

Ndipo musaiwale kuti kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Bambo akhoza kudinda chala papepala, khoti n'kulandira, koma ngati mwinimbumba, malume ake a mwanayo, sanamve, pamudzipo adzati mwana anabedwa. Mbiri imeneyo idzamutsata akadzabwera ali wamkulu kudzafuna abale ake. Funsani mfunda wake, dzina la mayi ake ndi la agogo ake, mudzi ndi mfumu yake, matenda amene amayenda m'banjamo. Pemphani akuonetseni kumene mayi ake anagona. Lembani zonse m'kope, jambulani zithunzi atakulolani. Mwana wa zaka 15 akadzakufunsani kuti ndimafanana ndi ndani, mudzakhale ndi choyankha.

Tsopano za mwana mwini wake. Masiku oyamba sadzakusekererani, musadabwe. Iye anazolowera manja a mayi wina amene ankamudyetsa phala ndi kasupuni kake, ankagona m'chipinda cha ana ambiri momwe simusowa phokoso. Mukadzamugoneka yekha pakabedi katsopano m'chipinda chachete, adzalira usiku wonse. Pitani tsiku ndi tsiku kumene akusungidwa musanamutenge. Khalani pambali pa mayi womusamalayo, onani momwe amamugwirira pomusambitsa, phala lake ndi lolimba bwanji, amamutonthoza ndi mawu otani. Mwana wanga wamkazi, pempha akuphunzitsenso kubereka: chitenje chidutse pansi pa matako a mwana, chimangidwe pachifuwa molimba, timiyendo titulukire m'mbali, khutu lake likhale pamsana pako. Pamenepo ndi pamene adzayambe kukudziwa. Nawenso mwamuna usaime patali ndi foni, mudyetse, muchapire matewera. Kabuku kake ka kusikelo, momwe analemba katemera ndi kulemera kwake mwezi ndi mwezi, kasungeni ngati pasipoti, chifukwa dokotala wa uko adzakafuna. Mayi womusamala uja mukamutsanzike bwino, nayenso akutaya mwana.

Pa ndalama ndiye ndikuchenjezani kwambiri. Adzapezeka wina wonena kuti amadziwana ndi akuluakulu, mukampatsa kangachepe mapepala atuluka sabata yomweyo. Muthaweni. Musaperekenso ndalama kwa abale a mwana nkhani isanathe kukhoti, ngakhale mutawamvera chisoni chotani, chifukwa ndalama imeneyo idzaoneka ngati mtengo wa mwana. Ku Ethiopia ana ambirimbiri ankapita kunja chaka ndi chaka, madandaulo a chinyengo ndi nkhanza anachuluka, ndipo mu 2018 nyumba ya malamulo inatsekeratu khomo kwa alendo onse. Njira zachidule za anthu ochepa zinatsekera mwayi aliyense.

Mapepala a kumene mukukhala nawonso ayambe msanga. Ku Britain munthu amayenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa komweko asanabweretse mwana wochokera kunja, ndipo kulumpha zimenezo ndi mlandu. Kubadwira ku Malawi sikukuchotserani lamulo limenelo. Mukalakwitsa apa, khoti la kuno likhoza kukupatsani mwana, koma chilolezo choti alowe m'dziko lomwe mukukhala n'kukanika.

Ngati mwanayo ndi wa mchemwali wanu kapena wa mlongo wanu womwalira, dzifunseni moona mtima ngati kumutenga ndiyo njira yokhayo, kapena angakule bwino kwa agogo ake inu mukulipira sukulu ndi chakudya. Nthawi zina kumutenga ndiko kolondola, nthawi zina ayi. Mukatsimikiza kuti mumutenga, bwerani ndi tikiti yosinthika tsiku, ndipo musachoke m'dziko muno mwinimbumba asanakuuzeni ndi pakamwa pake kuti pitani naye.