Chipata Chimene Kolera Satseka

M'midzi ya kwa Nazombe ku Phalombe, mvula ikayamba, funso lakale limadzukanso: kodi munthu wopemphera akamwa Thanzi ORS kapena kuthamangira kuchipatala, ndiye kuti wakayikira mphamvu ya Mulungu? Alipo okhulupirira ena, ngakhale ndi ochepa, amene amati inde. Mliri wa kolera umene unabuka mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe Freddy atagumula zimbudzi ndi kuipitsa zitsime mu Malichi 2023, nkhaniyi inasiya kukhala yongokambirana pansi pa mtengo. Ine ndikuti wakumwa ORS sanachimwe, ndipo umboni wake uli m'matumbo mwathu momwemu.

Thupi linapangidwa ndi maselo, ndipo selo lililonse linakutidwa ndi nembanemba yopyapyala zedi, ya mafuta osanjikizana kawiri. Nembanembayi ili ngati mpanda wokhala ndi zipata zambiri, chilichonse ndi mlonda wake: china cha madzi, china cha mchere, china cha shuga. Kachilombo ka kolera sikaboola mpandawu ayi. Kamatulutsa poizoni amene amachititsa chipata cha kolorayidi kukhala pululu osatsekekanso, mchere n'kumakhuthukira m'matumbo, madzi n'kumautsatira. N'chifukwa chake wodwala amatsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, maso n'kulowa, khungu ukalitsina osabwerera msanga. Koma pali chipata china chimene poizoniyu sachikhudza. Mu 1960 wasayansi Robert Crane anafotokoza kuti chipatachi chimalowetsa sodiyamu wa mu mchere pokhapokha atabwera pamodzi ndi shuga, ndipo ziwirizi zikalowa zimakoka madzi kubwerera m'thupi. Paketi ya ORS, ya mchere ndi shuga, imene mlangizi wa zaumoyo amasungunula mu lita imodzi ya madzi otetezedwa imadalira chipata chimenechi. Crane sanachipange; anachipeza chilipo kale mwa mwana aliyense wobadwa. Ngati timavomereza kuti Mulungu ndiye anaumba munthu, tivomerezenso kuti njira yochirirayi anaiika ndi Iye, ndipo kuikana n'kukana mphatso yake.

Wina anganene kuti Mulungu amachiritsa popanda mchere ndi shuga. Sindikutsutsa kuti angathe. Koma wonenayo amalima chimanga, sadikira kuti nsima igwe kumwamba, ndipo palibe amamutcha wopanda chikhulupiriro. Shuga wa mu nsimayo amalowa m'thupi mwake pa chipata chomwechi.

Chovuta kwambiri ndi chotsutsa china: ngati Mlengi anaika chipata chopulumutsa, bwanji anaikanso chija kolera amapherapo anthu? Funsoli n'lolemera, makamaka kwa mayi amene anaika mwana m'manda, ndipo sayenera kuyankhidwa mothamanga. Komabe chipata cha kolorayidi si cholakwika. Ndicho chimanyowetsa matumbo ndi mapapo tsiku ndi tsiku, moti ana obadwa nacho chosagwira ntchito amadwala cystic fibrosis, makhololo awo n'kukhala olimba mpaka kupuma kumavuta. Selo lotsekedwa kotheratu silingadye, silingapume, limafa. Chamoyo chilichonse chiyenera kutsegukira kunja, ndipo potseguka pomwepo ndi pamene mdani angadzere. Kuti kachilomboko kafike pa chipatacho kamadzera m'madzi akumwa osakanikirana ndi chimbudzi, ndipo kumeneko ndi kumene mjigo, kolorini ndi sopo zimakatsekereza kasanalowe n'komwe m'kamwa.