Minofu Iwiri, Mkono Umodzi

Bahá'u'lláh ali mkaidi ku Akka analembera kalata Mfumukazi Victoria ya ku Britain, ndipo m'kalatamo anayerekeza dziko lonse ndi thupi la munthu. Kuti fanizoli litilowe mumtima, tiyeni tione mmene Mlengi anaumbira thupilo.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Khanda limabadwa ndi mafupa ochuluka kuposa apa, koma ena amalumikizana likamakula. Chigaza chimateteza ubongo, nthiti 24 zimatchinga mtima ndi mapapo, ndipo m'kati mwa mafupa ena ndi mmene mumapangidwa magazi. Fupa la m'ntchafu ndilo lalitali kuposa onse. Laling'ono kwambiri lili m'khutu, silifika n'komwe pa njere ya mpunga, koma likawonongeka munthu amavutika kumva.

Pamene mafupa awiri akumana pali mfundo. Bondo ndi chigongono zimapindika ngati chitseko, pamene phewa limazungulira mbali zonse. Kumapeto kwa mafupawo kuli kanyama kosalala ndiponso timadzi toterera, zimene zimathandiza kuti mafupa asamakhulane.

Koma fupa siliyenda lokha. Limakokedwa ndi minofu, ndipo m'thupi mwathu muli minofu yoposa 600. Mnofu umangodziwa kukoka, sudziwa kukankha. N'chifukwa chake minofu imagwira ntchito iwiriiwiri. Tikamapinda mkono kuti titengere mbamu ya nsima kukamwa, mnofu wakutsogolo umakoka, wakumbuyo n'kumasuka. Tikamauwongola, wakumbuyo ndiwo umakoka, wakutsogolo n'kumasuka. Tonse tamvapo za matenda a kafumbata. Matendawa amachititsa minofu kukoka osamasuka: nsagwada zimauma, msana umapindika, ndipo wodwala akapanda kuthamangira naye kuchipatala amatha kumwalira. Mphamvu ilipo yambiri, koma thupi silikuyenda.

Ndi mmenenso zilili tikakhala pansi kukambirana, kaya pa Phwando la Masiku 19, m'Bungwe Lauzimu kapena m'banja. 'Abdu'l-Bahá anatiphunzitsa kuti aliyense azinena maganizo ake momasuka ndiponso mwaulemu, koma asaumirire pa maganizo akewo. Kunena ndiko kukoka, kumvetsera ndiko kumasuka. Tonse tikangokhala chete, gulu limalefuka ngati mkono wopuwala. Tonse tikamakoka nthawi imodzi, gulu limauma, kalasi ya ana imaima, ndipo abwenzi ena amasiya kubwera mwakachetechete. Mnzathu amene akuona nkhani mosiyana ndi ife si mdani. Iye ndi mnofu wa mbali ina ya fupa lomwelo, ndipo popanda iye mkono umene tapinda sungawongokenso.

Tikambirane:

1. Tipinde mkono n'kugwira minofu yonse iwiri. Kodi uti ukulimba, nanga uti ukufewa?
2. Kodi pa gulu lathu ndani amene mawu ake sitinawamve mwezi uno?
3. Kodi ndi nkhani iti imene ikudikira kuti ife timasuke?