Chidede cha Fisi

Padangokhala Fisi ndi Kamba. Ankakhala pa Zalewa, kufupi ndi mlatho wa Shire, paja msewu wa ku Mwanza umasiyana ndi wa ku Lilongwe. Fisi ankagulitsa makala pa rodibuloko. Kamba ankagulitsa malambe ndi manachesi, ngakhale basi iliyonse inkanyamuka iye asanafike pawindo.

Awiriwa anali ndi malume mmodzi, a Ng'azi. M'nthano zimatheka. A Ng'azi anakhalitsa ku Beira akuphikira Mpwitikizi wina wamalonda, amene agogo ake anachokera ku Brazil. Mu 1975, Mozambique italandira ufulu, bwanayo anakwera ndege osatsanzika. Malipiro sanasiye. Anangosiya bokosi lachitsulo. A Ng'azi analisenza, kudzera ku Tete ndi ku Zóbuè, n'kudzalikankhira kunsi kwa bedi pa Zalewa.

A Ng'azi atatsikira kulichete, adzukulu awo anaphwanya loko. Fisi dovu linali chuchuchu, mumtima akuwerenga golide. Chivundikiro chitatseguka, kunatuluka mphemvu ziwiri ndi fungo la nkhungu. M'katimo munali mapepala okhaokha: makalata, malisiti, mapangano a malo, chilichonse chili ndi kasitampa kake pakona.

"Malume anafa opusa," anatero Fisi. "Komabe wamkulu ndine. Ndiyamba kusankha."

Anakokera kwake milu itatu. Anamusiyira Kamba mulu umodzi wa malisiti, ndi kabuku kong'ambika chikuto.

"Zikomo achimwene," anatero Kamba.

Mawa lake kunabwera Kalulu, woitanira minibasi, foni ili m'manja. Kalulu ndi uja sagona ndi nkhani m'mimba.

"A Fisi, mukudziwa chimene mwakhalira? Onani apa. Sitampa ya ku British Guiana, ku South America komweko, ya mu 1856. Mtengo wake unali senti imodzi. Mwana wasukulu wa zaka 12 anaipeza m'makalata a malume ake mu 1873, n'kuigulitsa mashereni 6."

"A malume ake?" anafunsa Fisi, makutu ali njo.

"A malume ake. Mu 2014 inagulidwa ku New York pa madola 9,480,000."

Fisi anakhala pansi. Anadzuka. Anakhalanso pansi.

"Ikuoneka bwanji?"

"Yofiira moderako. Ngodya zonse zinayi zodula. Pakati pali sitima yapamadzi, koma yosaoneka bwino."

Kalulu anafuna kuwonjezera kuti sitampayo ilipo imodzi yokha dziko lonse, koma minibasi ya ku Lunzu inaliza hutala, ndipo anathamanga.

Usiku umenewo Fisi sanagone. Anayala mapepala pamkeka n'kuyamba kumatula masitampa ndi zikhadabo. Ena anang'ambika, ena anasupuka kumsana. Ambiri anali ndi zolembalemba za inki pankhope, ena chidindo chakuda.

"Litsiro ili ndilo lingatsitse mtengo," anatero.

Anawaviika m'beseni la madzi a sopo, n'kuwakwecha ndi mswachi. Inki inachoka, utoto unachoka, ndevu za mfumu ina ya ku Brazil zinachokera limodzi. Masitampa anatuluka ali mbuu ngati mwana wosadzola.

"Palibe kanthu. Kufiira timachita kupanga."

Anathyola chidede kuseri kwa nyumba kuti awiritse. Koma makala anali onyowa, poti Fisi ankawathira madzi kuti thumba lizilemera. Anapemerera, moto osayaka. Anafufuza pamulu paja n'kupeza kakalata kopindapinda, kopanda ndi envulopu yomwe. Sitampa yake inali yakuda bii, yopanda mutu wa mfumu, yopanda dzina la dziko, nambala yokha ili tong'oo pakati ngati mtengo wa sopo m'golosale.

"Iwe ndiye wonyansa kuposa onse. Gwira ntchito."

Anakakoleza ndi machesi n'kukalowetsa kunsi kwa mbaula. Moto unayaka bwino kwambiri.

Chidede chinawira, madzi anafiira psuu. Fisi anathiramo shuga pang'ono, akuti utoto ugwire. Anaviika masitampa, anawayanika padenga, anawasita ndi simbi yamakala. Kenako anatenga lumo. Ngodya iyi dule, ngodya iyo dule. Pofika Loweruka anali ndi masitampa a ku British Guiana okwana 200, ena olembedwa Chile, ena Peru. Anayamba kale kutenga mowa pangongole, ndipo anauza anzake a makala kuti azimutcha bwana.

Nthawi yonseyi Kamba anali paulendo wa kwa a Kadzidzi, kutsidya kwa msewu. Anatha masiku awiri. A Kadzidzi anagwirapo ntchito ku positi ofesi dziko lino likadali Nyasaland, ndipo maso awo anali asanafooke.

"Agogo, ndithandizeni kuwerenga. Sindinamatule chilichonse, ndimaopa kulakwitsa."

A Kadzidzi anapukuta mandala awo, natenga pepala limodzi ndi nsonga za zala.

"Ukaona Correio, mdzukulu wanga, ndi ya kalata ya maiko olankhula Chipwitikizi, monga Brazil. Ukaona Correos, ndi ya maiko olankhula Chisipanishi, monga Chile, Peru ndi Bolivia. Koma zakozi zambiri zalembedwa Thesouro kapena Imposto do Sello. Awa si a kalata, ndi a msonkho. Munthu akagula malo kapena akalemba lisiti, ankamata sitampa n'kusaina pamwamba pake kuti isagwirenso ntchito kawiri. Nafenso kuno tinali ndi masitampa olembedwa Postage ndi Revenue pamodzi, imodzi yomweyo kukalata ndi kumsonkho."

"Ndiye inki imeneyi ndiichotse?"

"Ukachotsa watsala ndi chiyani? Inkiyo ndiye mboni. Ikunena tsiku, ikunena mzinda, ikunena dzanja limene linalemba."

Anawerenga limodzilimodzi, Kamba akulemba m'kope. Anawerenga manambala a réis ndi a centavos, anayang'ana ngati m'mbali muli timano kapena munadulidwa ndi sizasi. Atafika pa kabuku kong'ambika chikuto, a Kadzidzi anakhala chete nthawi yaitali. Munali mndandanda wa zonse za m'bokosi, wolembedwa ndi Mpwitikizi uja. Anaitana Kalulu kuti ajambule masamba ake ndi foni, n'kutumiza kwa a Kakowa, ogula masitampa akale ku Johannesburg.

Sabata isanathe, basi ya ku Joni inaima pa rodibuloko, ndipo munatsika a Kakowa, suti yoyera mbee, galasi lokuzira zinthu lili m'thumba. Anaona malisiti a Kamba mofatsa.

"Awa si a chuma chambiri, bambo Kamba. Koma ali pamapepala awo, madeti akuwerengeka. Ndigula onse." Anawerenga ndalama zokwana malata a nyumba ndi mbuzi ziwiri. "Koma chimene ndayendera ulendo wonsewu chili pa tsamba lachitatu la kabukuka. Chili kuti?"

"Chikhala chili kwa achimwene."

Fisi anali atamva kale. Anabwera atanyamula lichero pamutu, nyerere zili ndanda kutsika m'khosi mwake kutsata shuga.

"Bwana, musavutike. Ndili nawo 200. Ndikuchotserani pang'ono mukatenga onse."

A Kakowa anatola imodzi. Zala zawo zinafiira. Anainunkhiza, anailawa, anaibweza palichero.

"Chakumwa chabwino. Koma ine ndikufuna Olho-de-boi, diso la ng'ombe. Masitampa oyamba a dziko la Brazil, a pa 1 Ogasiti 1843, patangopita zaka 3 Angerezi atatulutsa yawo yoyamba. Analipo a 30, a 60 ndi a 90, ndipo a 90 ndiwo anasindikizidwa ochepa. Kabukuka kakuti muli ya 90, ikadali pakalata yake. Imeneyo ndiye ya nyumba ya njerwa ndi galimoto pakhomo."

"Ndi yofiira?"

"Yakuda."

"Ili ndi mutu wa mfumu?"

"Ayi. Akuti sanafune kuti chidindo chizimenya nkhope ya Pedro II. Ilibe ngakhale dzina la dziko. Nambala yokha pakati."

Inu amene mwakhala chete pamkekapo, mwaiona kale mbaula ija. Fisi ndiye anaiona pomalizira.

Lichero linagwa. Fisi anathamangira kudzala, nayamba kufukula phulusa ndi manja onse awiri. Anafukula la dzulo, anafukula la dzana, anafukula la sabata yatha. Dzuwa likulowa kumapiri a ku Neno, anatulutsa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, kopserera m'mbali, pali kamchira ka 9.

"Bwana, nanga aka?"

A Kakowa anali atakwera kale basi. Amene anatsala ndi mayi wogulitsa mowa, kope la ngongole lili m'manja.

Fisi anayang'ana kachidutswako n'kuyamba kuseka. Anaseka, anaseka, mpaka agalu a pa Zalewa anauwa. Mpaka lero usiku amazungulira m'madzala, mphuno ili m'phulusa, ndipo kuseka kuja sikunamuchoke.

Kaphuleni mbatata ija pamoto. Yapserera.